Wosamukira ku Zomba ayambe waona dzinja asadagule poloti

Kwa zaka zambiri Zomba idali ngati nkhalamba yomwe ana ake adabalalikira kutali n'kuisiya ikuwothera dzuwa pakhonde. Likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe m'chaka cha 1975, ndipo maunduna adanyamuka ndi makalaliki awo, madalaivala, mamesenjala ndi onse omwe ankapezera chakudya pa iwo. Nyumba ya Malamulo idatsalira kwa kanthawi, koma nayonso idalondola anzake pambuyo pa chisankho cha 1994. Zidatsala ndi nyumba zakale za atsamunda, mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa misewu, asilikali a ku Cobbe Barracks, ndende yaikulu, zipatala ndi ophunzira a ku Chancellor College.

Lero nkhalamba ija yadzambatuka. Kalembera wa 1998 adapeza anthu 65,915 m'tauniyi, wa 2008 adapeza 88,314, ndipo wa 2018 adawerenga anthu 105,013. M'chaka cha 2008 boma lidaikweza Zomba kukhala mzinda. Msewu wa ku Blantyre, womwe udali zigamba zokhazokha, udamangidwanso m'zaka za m'ma 2010, moti munthu atha kugwira ntchito ku Limbe n'kumagona ku Zomba, poti mtunda wake sukwana makilomita 70. Mu 2021 sukulu ya ukachenjede ya University of Malawi itagawidwa, dzinalo lidatsalira pa Chirunga pomwe padali Chancellor College, ndipo ophunzira ndi ochuluka kuposa malo ogona omwe sukuluyo ili nawo. Wodutsa pa Chinamwali kapena pa Matawale amadzionera yekha milu ya njerwa ndi mchenga, komanso malata atsopano akunyezimira.

N'chifukwa chake mabanja ambiri a ku Jali, Mayaka, Songani, Thondwe, Namadzi, Ntaja, ngakhale a ku Liwonde ndi Balaka, maso ali ku Zomba. Blantyre ndi Lilongwe zidakula moopsa ndipo lendi yake ndi yoboola m'thumba. Zomba ndi yaing'ono, ili pafupi ndi kumudzi. Kukagwa zovuta munthu amafika pa siwa tsiku lomwelo, thumba la chimanga limabwera pa minibasi imodzi, ndipo mpunga ndi matemba a ku Chilwa sizichokera kutali. Maganizo amenewa ndi abwino ndithu. Pomwe ambiri akuphonya ndi pa kasankhidwe ka malo okhala, chifukwa amafika ndi funso limodzi lokha: "Ndi zingati pamwezi?" Ku Zomba funso limeneli silikwanira. Banja lofuna kukhazikika mumzindawu liyambe lachita lendi ndi kuona dzinja lathunthu, kuyambira Novembala mpaka Epulo, lisadaike ndalama zake pa poloti kapena kulipiriratu nyumba kwa chaka chonse.

Chifukwa chachikulu ndi phiri. Zomba idamangidwa m'tsinde mwa phiri lomwe nsonga yake imapitirira mamita 2,000. Azungu adapakonda kaamba ka kamphepo kozizira ndi madzi osaphwa, ndipo poti adali oyamba kusankha, adatenga malo okwera ndi ouma bwino. Koma mvula yonse yogwa pamwamba paja iyenera kutsika, ndipo imatsikira mumzinda kudzera mu Mulunguzi, mu Likangala ndi m'timakwawa tambirimbiri tomwe m'chilimwe timangooneka ngati tinjira ta mbuzi. Nkhani ya Napolo wa mu Disembala 1946 imakambidwabe mpaka lero. Phiri lidagumuka, madzi ndi miyala zidakokolola milatho ndi nyumba, anthu n'kutaya miyoyo. Amene angati izo n'zakale akumbukire madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Ulendo uliwonse boma la Zomba lidali m'gulu la maboma okhudzidwa. Freddy adapha anthu oposa 600 m'dziko muno, ena mazanamazana osapezeka, ndipo ku Chilobwe ku Blantyre matope adatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba zomangidwa motsetsereka, pamalo pomwe mitengo idatha. Madzi saiwala khwawa, adatero akale, ndipo khwawa silisiya kukhala khwawa chifukwa choti wina waliika pa msika ngati poloti.

Vuto ndi loti anthu ambiri amasaka nyumba m'chilimwe, atangogulitsa nandolo kapena mpunga, thumba likadali lofunda. Mu Ogasiti ndi Seputembala malo aliwonse ku Zomba amaoneka abwino. Dambo limauma gwa, njira imakhala yodutsika, mwininyumba wapaka laimu khoma lonse, chikomekome cha mkuyu. Komabe nyumba imasiya zizindikiro kwa munthu wodekha. Mzere wa matope m'munsi mwa khoma umanena pomwe madzi adalekezera chaka chatha. Matumba a mchenga ong'ambika pakhomo, maziko okumbika pansi, chitseko chotupa chomwe sichitsekeka bwino, fungo la nkhungu kuchipinda, chimbudzi chatsopano pambali pa dzenje lakale lomwe lidatitimira, zonsezi ndi mboni. Nyumba zina ndi za zidina koma zidapakidwa pulasitala wa simenti kunja, ndipo zimaoneka zolimba mpaka tsiku lomwe mvula yavumba masiku atatu osalekeza. Wofunsidwa za zimenezi asakhale mwininyumba kapena dobadoba yemwe akudikira yake ya m'manja. Afunsidwe mayi woyandikana naye amene wakhala pamalopo zaka zisanu, makamaka wa lendi mnzake, chifukwa iye alibe chobisa.

Anthu obwera amakonda kufunsa kuti dera labwino ndi liti, ngati kuti dzina la dera ndilo yankho. N'zoona kuti madera amasiyana. Ku Mulunguzi, Old Naisi ndi Mangasanja kuli nyumba za mipanda, za mabwana a m'boma ndi aphunzitsi a pa yunivesite, ndipo banja longoyamba kumene silingayerekeze. Ku Kalimbuka ndi ku Ndola mapoloti adadulidwa mwadongosolo, misewu ilipo, koma nyumba sizipezeka wamba chifukwa wolowamo satulukamo msanga. Ambiri ofika kumene amathera ku Chinamwali, Chikanda, Mpondabwino, Sadzi, Matawale kapena cha ku Three Miles pa msewu wa ku Blantyre. Mwa madera amenewa palibe lomwe ndi loipa lonse kapena labwino lonse. Ku Chikanda kuli nyumba zokhala pouma ndi zina zomwe zidatsikira kufupi ndi Likangala. Ku Chinamwali ndi ku Sadzi kuli nyumba za pachidikha ndi zina zokakamira m'phiri, komwe mwana wotumidwa madzi amakwera ndi ndowa ngati akupita kokatola nkhuni. Nyumba ziwiri zotalikirana mamita 100 okha zitha kukhala ndi dzinja losiyana kotheratu. Kawirikawiri nyumba yomwe mtengo wake watsika kwambiri poyerekeza ndi zinzake za m'dera lomwelo imakhala ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chimaoneka mu Febuluwale.

Pali ndalama ina yomwe salemba pa pepala la lendi, ndiyo ya mayendedwe. Chuma chachikulu cha Zomba kwa munthu wosauka ndi kuchepa kwake: malo ambiri munthu amafikako wapansi. Banja lomwe lapeza nyumba yoti bambo ayende wapansi kupita kuntchito, mayi kumsika, ana kusukulu, lapulumutsa ndalama zambiri ngakhale lendi itakwererapo. Mwachitsanzo, nyumba ina itha kutsika ndi K20,000 pamwezi poyerekeza ndi ya pafupi ndi tauni. Koma ngati kabaza akudya K1,000 popita ndi K1,000 pobwera, pa masiku 22 a ntchito munthu mmodzi yekha watha K44,000. Apo mwana sadadwale usiku, mayi sadapite kukapikula tomato m'mamawa. Ndipo mtengo wa kabaza sukhazikika. Mvula ikagwa umakwera, mafuta akasowa umakwera, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zonse zidakwera pamodzi. Lendi amakambirana kamodzi pachaka, koma wa njinga yamoto amakambirana naye tsiku lililonse, ndipo m'matope iye ndiye amakhala bwana.

Za madzi akumwa Zomba ili ndi mwayi kuposa matauni ambiri. Damu la Mulunguzi lili pamwamba pa phiri, madzi ake amatsika okha, ndipo likulu la Southern Region Water Board lili mumzinda momwemu. Izi sizitanthauza kuti nyumba iliyonse ili ndi mpopi. M'madera ambiri otsika mtengo mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi amagawana mpopi umodzi ndi mita imodzi ya magetsi, ndipo mikangano yambiri ya pa lendi imayambira pomwepo: uyu ali ndi ayironi, uyu amaphikira pa hotipuleti usiku, mayunitsi atha pa 15. Wolowa m'nyumba afunsiretu ngati pali ngongole ya madzi yomwe adasiya wotuluka, asadzidzimuke mpopi utadulidwa sabata yachiwiri. Kwina anthu amadalira zitsime zokumba okha, ndipo m'malo othithikana chitsime chimakhala mapazi ochepa kuchokera pa chimbudzi cha mnansi. Nthaka ikakhuta madzi m'dzinja, ziwirizi zimalumikizana pansi. Kolera wa 2022 ndi 2023 adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo banja lokhala ndi ana aang'ono lisaone nkhani ya chimbudzi ngati yochititsa manyazi kufunsa. Ndi mabanja angati akugwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi? Chili kumtunda kapena kumunsi kwa chitsime?

Kenaka pali ophunzira. Iwowa ndiwo adzutsa Zomba kuposa wina aliyense, koma ndiwonso akweza lendi m'madera oyandikana ndi Chirunga. Mwininyumba wa ku Chikanda adaphunzira masamu osavuta: chipinda chimodzi choika mabedi awiri kapena anayi, aliyense n'kumalipira payekha, chimabweretsa ndalama zoposa zomwe banja lingapereke pa nyumba yonse. Choncho banja lomwe lapeza nyumba yotsika mtengo kumeneko pa nthawi ya tchuthi lifunse bwino ngati silidzauzidwa kuti lisamuke sukulu ikatsegulira. Mgwirizano ulembedwe papepala, ngakhale la mu kope la mwana wasukulu, ndipo pakhale mboni. Eni nyumba ambiri amafuna ndalama za miyezi itatu poyamba, ndipo amene wapereka popanda risiti alibe pogwira zikavuta.

Mbali inayo, pomwe pali ophunzira pali msika. Mayi wodziwa kuphika, kuchapa, kuluka tsitsi kapena kukazinga mandasi ndi tchipisi atha kupeza makasitomala pakhomo pomwepo osalipira kabaza. Koma msika umenewu uli ndi nyengo ngati ulimi. Sukulu ikatsekera, kaya pa tchuthi kaya pa zifukwa zina zadzidzidzi monga zidachitikira nthawi ya Covid-19 mu 2020, dera lonse limangoti zii, pomwe lendi ikuwerengabe masiku.

Apa mpomwe banja liyenera kudzifunsa moona mtima kuti likukadya chiyani. Kudzuka kwa Zomba si kwa mafakitale ngati a ku Makata kapena ku Kanengo. Ndalama za mumzindawu ndi za malipiro a pamwezi: asilikali, apolisi, oyang'anira ndende, anamwino a pa Zomba Central ndi pa chipatala cha odwala matenda a maganizo, aphunzitsi, ogwira ntchito ku MANEB, ku National Statistical Office, ku malo osindikizira a boma ndi ku makhoti. Ntchito zoterezi munthu sazipeza pongofika ndi chikwama pa depoti. Ndalama zimayenda kumapeto kwa mwezi, pakati pa mwezi anthu amagula pa ngongole. Amisiri omanga, akalipentala, owotcherera zitsulo ndi oika mapaipi ali ndi mwayi chifukwa cha nyumba zomwe zikumangidwa, koma wobwera ndi geni ya tomato kapena kaunjika adziwe kuti mumsika waukulu ndi wa pa Mpondabwino adzapeza anzake omwe adakhazikika kalekale ndi makasitomala awo. Chaka choyamba cha lendi chimayankhanso funso limeneli. N'chifukwa chake kugulitsa munda wa kumudzi kuti ndalama zake zigulire poloti m'tauni, geni isadaoneke mutu wake, n'kutaya nkhwangwa ndi mpini womwe. Munda wa ku Jali kapena ku Mayaka ndiwo umadyetsa mabanja ambiri a m'Zomba mwezi ukafika pakati, ndipo m'dera lino la chikamwini mundawo nthawi zambiri ndi wa mayi ndi ana ake, osati woti bambo angougulitsa payekha.

Nkhani ya poloti ndiyo yaliza anthu ambiri. Mzinda ukamakula, ogulitsa malo amachuluka kuposa malowo. Wobwera kuchokera kumudzi adazolowera kuti mfumu ikaloza malire, mboni n'kuona, nkhani yatha. Mumzinda si choncho. Lamulo la mafumu la 1967 silipereka mphamvu kwa mafumu m'kati mwa mizinda pokhapokha khonsolo italola, ndipo malo a mumzinda amakhala m'manja mwa unduna wa zamalo, khonsolo ya mzinda, bungwe la Malawi Housing Corporation kapena anthu omwe ali ndi zikalata za umwini. Ku Zomba zinthu zimasokonekera chifukwa mzinda udakula n'kumeza midzi yomwe idali ndi mafumu ake kale, moti m'madera ambiri anthu amagulitsanabe malo pamaso pa anyakwawa, chidindo n'kudindidwa. Kalata yoteroyo ingathandize pa mkangano ndi mnansi, koma siingaletse khonsolo kunena kuti pamalopo padutsa msewu, kapena kuti ndi m'mbali mwa mtsinje momwe simuloledwa kumanga. Siingaletsenso mwana wa mwinimalo kutulukira patapita zaka ziwiri n'kunena kuti malume ake adagulitsa popanda banja kudziwa. Poloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri kapena atatu si nkhani yachilendo m'mizinda ya dziko lino.

Njira yake ndi yotopetsa koma ndi yodziwika. Wogula apite yekha ku khonsolo ndi ku ofesi ya zamalo akafunse kuti malowo ndi a yani ndipo adaikidwa kuti pakhale chiyani. Ngati ndi nyumba yomangidwa kale, afunse ngati ili ndi ngongole ya msonkho wa khonsolo. Aonane ndi eni malo oyandikana nawo mbali zonse, malire aloze onse ali pomwepo. Ndalama asapereke zonse tsiku limodzi chifukwa choti wogulitsa akuti pali wina wa ku Joni yemwe akubwera nazo mawa. Wa ku Joni ameneyu amapezeka pa poloti iliyonse yomwe ikugulitsidwa mothamanga.

Ena anganene kuti malangizo otere ndi a anthu okhuta. Amene amanga m'mbali mwa Likangala kapena m'phiri la Sadzi si opusa, ndipo ngozi amaidziwa kuposa wina aliyense. Adapita kumeneko chifukwa ndi komwe ndalama zawo zidafika. Anganenenso kuti chaka cha lendi ndi ndalama zotayika, ndipo pomwe munthu akudikira, mtengo wa poloti ndi wa thumba la simenti ukukwera, kwacha ikunka ichepa mphamvu. Mfundo imeneyi ndi yolemera, ndipo amene adasunga ndalama m'nyumba mu 2022 ndi 2023 adaiona ikusungunuka m'manja. Koma yankho lake si kuthamangira khwawa. Ndalama yodikira itha kusanduka malata, mafelemu a zitseko kapena mbuzi kumudzi, zinthu zomwe zimakwera mtengo pamodzi ndi zinzake. Lendi ya chaka chimodzi ndi yochepa poyerekeza ndi nyumba yomwe khoma lake lagwera ana usiku, kapena yomwe yalembedwa chizindikiro choti igwetsedwe. Wa lendi zikamuvuta amanyamula katundu n'kusamukira kumtunda mwezi wotsatira. Womanga pa malo oipa amakhala pomwepo, chifukwa palibe amene angamugule kupatula mlendo wina wobwera mu Ogasiti.

Komabe mtolo wonse usasenzedwe kwa wobwera. Ngati anthu akumanga m'makwawa ndi m'mapiri, n'chifukwa choti mapoloti odulidwa bwino, okhala ndi msewu, ngalande ndi mpopi pafupi, pa mtengo woti mphunzitsi wa pulayimale kapena wa kabaza angakwanitse, ndi osowa. Mzinda wa anthu ongopitirira pang'ono 100,000 pa kalembera wa 2018 ukadali waung'ono moti ungathe kukonzeka, kusiyana ndi Ndirande kapena Mtandire komwe kudula msewu lero kumafuna kugwetsa nyumba zambirimbiri. Khonsolo ndi unduna wa zamalo zikadula mapoloti anthu asadafike, n'kuika poyera mapu osonyeza malo oopsa pa msika ndi pa maofesi a makhansala, theka la mavutowa lingathe. Kubwera ndi chigalimoto chogwetsera nyumba munthu atafika kale pa lintala ndi nkhanza, makamaka ngati akuluakulu omwewo ankadutsa pomwepo maziko akukumbidwa.

Pomwe zimenezo zikudikirika, banja losamuka lili ndi kalendala yake. Nyumba ya lendi isakidwe ndi maso a dzinja ngakhale kunja kuli fumbi, ndipo mayi apite nawo kokaona, chifukwa ndiye adzatunge madzi ndi kuyanika zovala pamalopo. Malo a ana kusukulu afunsidwe chaka cha maphunziro chisadayambe, poti sukulu za mumzinda zimadzaza msanga. Mu Januwale ndi Febuluwale, mvula ikangokata, bambo ndi mayi avale nsapato zakutha akayendere mapoloti omwe adawasirira m'chilimwe, aone komwe madzi adadutsa, komwe adaima, ndi komwe njinga yamoto idakana kufika. Mapoloti omwe atsale pa mndandanda pofika Epulo ndiwo oti manambala ake apite nawo ku khonsolo.